Kanyama ka m'Chifuwa cha Falesi

Nkhungu inatsika m'phiri m'mamawa ndipo sinachoke tsiku lonse. Mawawa ankagwa ngati ufa wosefa, osanyowetsa msanga koma olowa mpaka m'mafupa. Unali mwezi wa Julaye, tsiku limene anthu oyang'anira kafukufuku anabwera kudzandiyankha.

Ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi. Ndinatenganso juzi ya malemu mkazi wanga, Falesi, n'kuipinda m'jumbo. Sindinkadziwa kuti ndikachita nayo chiyani. Ndinangoitenga.

Dzina langa ndine Vinsenti. Kwathu ndi kumunsi kwa Chongoni, koma ndinabwera chikamwini kufupi ndi Kasina ndevu zisanamere bwino. Munda umene ndinkalima kachewere unali wa kwawo kwa Falesi. Nyumba ndinamanga ndine, koma pa dothi lawo. Mwana wathu Pilira ndi wa mbumba yawo, ndipo mwinimbumba ndi mlongo wake wa Falesi, a Dominiko. Izi sizinandivutepo. Ndi mmene timakhalira.

Falesi ankaopa kuzizira kuposa njoka. Juni akafika ankadzitsekera m'khitchini, nkhuni zaziwisi zikufuka, misozi ikutsika, iye osasuntha. Ndikamuuza kuti atsegule chitseko ankandiyankha kuti utsi supha, chimapha n'chisanu. Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono, monga cha mayi aliyense wa kuno. Kenaka anayamba kupumira panjira pochokera kumadzi.

Nthawi imeneyo n'kuti kutabwera anthu ofufuza za utsi wa m'khitchini ndi matenda a m'chifuwa mwa amayi a kumapiri kuno. Falesi analowa nawo. Anamuveka m'khosi kabokosi koyeza utsi, iye n'kumakatcha korona wachiwiri, poti wopempherera anali naye kale. Anamutenga magazi ndi makhololo. Tsiku lina anamutengera ku chipatala chachikulu mumzinda, n'kulowetsa kapaipi kukhosi, n'kutapa kanyama m'phapo mwake. Kanali kochepa ngati njere ya mapira. Anamuuza kuti kapita ku Ulaya, kumene kuli makina otha kuona zimene a kuno saona.

Sananamizidwe. Ndiyenera kunena zimenezo. Anamufotokozera m'Chichewa chomveka, ine ndili pomwepo, ndipo anavomera yekha. Anamuuzanso kuti tsiku limene adzafune kutuluka adzangonena, ndipo zake zonse zidzabwezedwa kapena kuwonongedwa, monga iye adzasankhire.

Anamwalira mu Febuluwale. Sabata yomaliza ija kunawala dzuwa pakati pa mvula, ndiye ndinamutulutsa pakhonde kuti aothere. Ankayang'ana chimanga. Kenaka anati:

"Bambo a Pilira, ndatopa nawo anthu aja. Mukawauze kuti ndatuluka."

"Chabwino."

"Ndipo kanyama kanga kabwere, kadzagone nane. Lipenga likadzalira sindikufuna kudzayamba ndafunsa njira ya ku Ulaya."

Anaseka, chifuwa n'kumugwira. Chitamusiya anandiyang'ana.

"Mwamva?"

"Ndamva."

Panalibe munthu wina pakhomo. Ndinaganiza kuti ndipita akapezako bwino, chifukwa sindikanamusiya yekha. Sanapezeko bwino.

Maliro atatha ndinapalasa njinga kupita ku Linthipe, kumene ofufuza aja anali ndi ofesi m'nyumba ya lendi. Mtsikana amene ndinamupeza anandipepesa, n'kunena kuti nkhani yotere sangaigamule iwo. Iyenera kupita ku komiti ya ku sukulu ya ukachenjede mumzinda, imene ntchito yake n'kuona kuti ofufuza asapondereze anthu. Ndinapitanso mwezi wotsatira. Anati komiti yafunsa nzeru ku bungwe lina lakunja, limene limalangiza makomiti otere m'maiko ambiri, poti kanyamako kali kunja. Ndinapitanso. Mlonda wa pamenepo anafika pondidziwa, n'kumanditsegulira geti ndisanatsike panjinga.

Kumudzi anthu ankadikira zina. Titakolola, a Dominiko anagula simenti yomangira chiliza. Mwambo wake ndi woti chiliza chikamangidwa, akuchikazi amusudzule mkamwini, amuuze kuti ntchito yake yatha, ndi mfulu. Ine ndinakana. Ndinati manda satsekedwa munthu asanakwane.

"Alamu," anatero a Dominiko tsiku lina atandipeza kudimba, "mukufuna simenti ija iume m'matumba? Chabwino. Ikasanduka mwala tidzangonyamula mwalawo n'kukaukhazika pamanda. Mmisiri osavutika."

Sindinaseke.

"Kanthu kochepa ngati nsabwe, alamu. Tsitsi limene anapesa moyo wake wonse liposa pamenepo. Mukalitolanso?"

"Tsitsi sananditume."

Anapukusa mutu n'kumapita. Si munthu woipa. Pa matenda a mlongo wake anagulitsa mbuzi zake osauza munthu.

Tsiku la nkhungu lija tinakumana m'kalasi ya pasukulu ya m'mudzi, ana atatsekera. Galimoto inafika mochedwa, matope mpaka m'magalasi. Munatuluka mayi wovala chitenje pamwamba pa thalauza, amene anati ndi a Jacqueline, mphunzitsi wa ku sukulu ya ukachenjede ija komanso membala wa komiti. Munatulukanso mzungu wamtali wa imvi, a Keith, wochokera ku bungwe lakunja lija. Anavula chipewa pakhomo. Popereka moni anagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, n'kupinda maondo pang'ono. Wina anamuphunzitsa bwino.

Abale a Falesi anabwera ambiri. Pilira anakhala pansi kufupi ndi zenera, mwana ali kumsana. M'kalasimo munali mipando itatu ya aphunzitsi. Alendo anakhala pa iwiri. Wachitatu a Keith anaunyamula okha, n'kudutsa nawo pamene ndinaima ine, n'kukauika patsogolo pa a Dominiko.

"Mwinimbumba," anatero, akutchula pang'onopang'ono, nkhope ikuwala.

Anthu anaseka mokondwa. Amayi ena anaomba m'manja. Ine ndinakhala pa desiki ya ana, maondo akugunda thabwa.

A Jacqueline anayamba ndi kupepesa maliro, n'kupepesanso kuchedwa. Anati kanyama ka mayi Falesi kalipo, kasungidwa bwino, sikanagwiritsidwe ntchito chilandirireni dandaulo langa. Anati kakhoza kubwera. Njira ilipo, ndipo banja silidzavutika ndi kalikonse.

Ndinagwira jumbo ija ndi manja awiri.

"Koma mwiniwake akamwalira," anapitiriza, "wina ayenera kumuyankhulira. Kale ife tinkalakwitsa. Tinkangofunsa mwamuna, monga amachitira kwawo kwa a Keith. Anthu a kuno munadandaula. Munati mkamwini alamula bwanji za thupi la mwana wa eni? Tinakhala nanu pansi, tinamva, tinasintha. Lero kumadera a chikamwini mawu omaliza ndi a mwinimbumba. Bungwe la a Keith limaphunzitsa chitsanzo chimenechi m'maiko ena."

Msonkhano umene ankanenawo ndinalipo. Unachitikira pabwalo la sukulu yomweyo, Falesi akadali wamphamvu. Amuna tonse tinavomereza kuti n'zoona, mkamwini ndi mlendo.

A Jacqueline anatembenukira kwa a Dominiko.

"Bambo, zili kwa inu. Kabwere, kawonongedwe, kapena kakhale kuti ofufuza apitirize nako ntchito."

A Dominiko anakanda chibwano. Sanandiyang'ane.

"Ndifunse kaye. Kakakhala, kathandiza chiyani?"

A Jacqueline anamasulira. A Keith anayankha nthawi yaitali, akuyeza ndi zala.

"Akuti sangakunamizeni. Tinyama totere, tochokera kwa amayi ophika ndi nkhuni, tilipo tochepa kwambiri padziko lonse. Tingathandize kudziwa mmene utsi umawonongera mapapo. Mankhwala mwina adzapezeka patapita zaka zambiri. Mwina sadzapezeka n'komwe."

"Mwina," anatero a Dominiko. "Ngakhale mbewu timadzala ndi mwina."

Pamenepo Pilira anatsokomola. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma chifuwa chinakana. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, chimene ndinagona nacho nyumba imodzi zaka zambiri. Tonse tinadikira kuti chithe.

"Kakhale," anatero a Dominiko.

Ndinaimirira. Desiki inalira.

"Anatuluka."

Onse anatembenuka.

"Bambo Vinsenti?" anatero a Jacqueline.

"Falesi anatuluka m'kafukufuku. Ali moyo. Anandiuza ine. Anati kanyama kake kabwere."

"Inde, zimenezi zinatifika. Panali wina amene anamva nawo?"

"Nkhuku."

Wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira.

"Sitikukutsutsani, bambo."

"Ndiye bwezani."

A Jacqueline anayankhula ndi a Keith m'Chingerezi. Anakambirana kwa nthawi, mawu a mayiyo akukwera, mzungu uja akufiira makutu. Ndinaona kuti akundimenyera nkhondo. Ndinaonanso pamene inathera, chifukwa anatsitsa mapewa asanatembenuke.

"Bambo, mayi akanauza aliyense wa ofufuza ali moyo, zikanatheka tsiku lomwelo."

"Sankayenda."

"Ndikumva. Koma mawu ofika atamwalira kale amadzera kwa womuyankhulira. Tikalumpha mwinimbumba lero chifukwa mwamuna wanena, mawa mwamuna wina adzanena zabodza, ndipo tidzakhala tathyola lamulo limene munatipempha nokha. Chimene ndingachite ndi ichi." Anayang'ana a Dominiko. "Bambo, mwamva zimene mlongo wanu ananena. Ife a komiti tikupempha kuti muziganizire kwambiri. Mukhoza kusintha."

A Dominiko anatembenuza mpando n'kuyang'anana nane.

"Alamu, inu simunama. Chibwerereni pamudzi pano sindinakumveni mukunama, mwina chifukwa simuyankhula n'komwe. Ananenadi. Ndikuchita kumumva. Koma Falesi wagona. Uyo apo sanagone." Analoza Pilira ndi mlomo. "Amayi athu anapita ndi chifuwa. Mlongo wanga wapita ndi chifuwa. Mukufuna ndikumbitse manda achitatu ndili ndi kanthu m'manja koti mwina kangathandize? Mukanakhala inu pampando pano mukanatani?"

"Sindili pampando."

"Eya. Ndilipo ndine. Ndipo ndikadzafa Falesi akadzanditukwane yekha, ndinazolowera."

A Jacqueline anafunsa ngati mwana wa malemu ali ndi mawu. Pilira anagwada pomwe analipo. Sanayang'ane atsibweni ake. Anayang'ana ine.

"Ababa, Mulungu anaumba munthu ndi dothi. Angalephere kukatola kanyama ku Ulaya?"

Bambo mfumu a kutchalitchi anali atandiuza kale zomwezo nditapita kukawafunsa. Sindinawatsutse. Nkhani sinali ya zimene Mulungu angathe.

"Ndinawauza amako kuti ndamva," ndinatero.

"Ndikudziwa, ababa. Koma atsibweni anena."

Ndinakhala pansi.

A Keith anayankhulanso, akundiyang'ana ine tsopano, maso ali onyowa. A Jacqueline anamasulira ndi mawu otsika. Akuti nkhani yanga yawaonetsa mpata umene sanauone m'malangizo awo. Akuti chaka chamawa kuli msonkhano waukulu wa makomiti a m'maiko ambiri, ndipo akaikamba kumeneko, kuti mtsogolo mawu amene wodwala wasiyira womudwazika azikhala ndi malo. Ophunzira a ku sukulu ya ukachenjede adzaphunziranso pa nkhani imeneyi. Dzina langa sadzalitchula, la Falesi sadzalitchulanso.

"Lamulo likasintha, kabwera?"

A Jacqueline sanamasulire funsolo. Anayankha okha.

"Ntchito iyambiranso mwezi wamawa, bambo. Pofika nthawi imeneyo kadzakhala katadulidwadulidwa. Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza."

Msonkhano unatsekedwa ndi pemphero. Anthu anatuluka akuyamikira ulemu wa alendo. Mayi wina anati mzungu wotere sanamuonepo, wodziwa kuti pamudzi pali eni ake.

Ndinawapeza a Jacqueline pagalimoto, akupukuta matope kunsapato ndi kamtengo. Mawawa anali asanaleke.

"Mayi."

"Bambo Vinsenti. Pepani. Ndinayesa."

"Ndinaona. Kumene kali, n'kotani?"

"Ndi chipinda chachikulu, chaukhondo. Muli mafiriji ataliatali. Kali m'kabotolo kakang'ono, kolembedwa nambala, osati dzina. Palibe angadziwe kuti ndi mayi."

"Mumazizira?"

Anazengereza.

"Kwambiri. Kuposa madzi oundana, kutalitali. Kuti kasawonongeke."

"Usana ndi usiku?"

"Nthawi zonse. Magetsi akazima pali injini yodzidzukira yokha."

Ananena zimenezi pofuna kundilimbitsa mtima. Ndinayang'ana kuphiri, koma phiri silinkaoneka. Ndinatsegula jumbo n'kutulutsa juzi ija. Inali yofiirira, yotha m'zigongono, ikununkhabe utsi.

"Apatseni azungu anu. Akaifunditse pafirijipo."

A Jacqueline anaigwira. Anaisisita ndi chala pamene Falesi anasoka chigamba. Ndinaona kuti akuganiza zoilandira, kuti ndipite ndi mtima wabwino, iwo akaisiye kwinakwake mumzinda. Sanatero.

"Sangalole, bambo. M'chipinda chimenecho simulowa nsalu yochokera kunja. Ndikailandira ndikhala ndakunamizani."

Anandibwezera ndi manja awiri. Ndinaipindanso.

Galimoto inapita, nyali zoyaka masana. A Dominiko ankandidikira panjira, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Tinayenda limodzi mpaka pa mlatho wa mitengo.

"Loweruka, alamu," anatero. "Mmisiri ndamuuza kale."

Panalibenso choti ndikanire.

Loweruka kunacha kopanda mtambo, chisanu chili mbuu pa udzu. Tinalowa kumanda amuna okhaokha, adzukulu ali patsogolo. Ndinatunga madzi, ndinasakaniza mchenga ndi simenti. Matumba ena anali ataumadi m'makona, ndipo a Dominiko ankaphwanya zibulumazo ndi nyundo osanena kanthu. Mmisiri anayala njerwa, n'kuthira konkire pamwamba, n'kuyamba kusalaza.

Ndinali nditadula kansungwi kotalika ngati chala. Simenti ikadali yofewa ndinagwada n'kukazika kumbali ya kumanzere, pamene ndinayerekeza kuti pali chifuwa. Ndinkafuna pakhale kabowo koti kanyama kaja kadzalowere. Ndinkadziwa zimene a Jacqueline ananena. Ndinkafuna pakhalebe kabowo.

Mmisiri anaima, chopaka chili m'manja. Anayang'ana kansungwi, n'kudutsitsa maso pa ine, n'kufunsa a Dominiko.

"Bwanji apa, akuluakulu?"

A Dominiko anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Madzi a mvula azidzalowa," anatero. "Chiliza chingang'ambike. Tsekani."

Mmisiri anazula kansungwi n'kukaponya patchire. Anadutsitsa chopaka kawiri, malowo n'kufanana ndi pena paliponse. Kenaka analemba dzina ndi msomali.

Masana anayala mphasa pabwalo la nyumba yanga. Abale a Falesi anakhala mbali imodzi, abale anga ochepa ochokera ku Chongoni mbali ina. A Dominiko anayankhula bwino. Anati ndinawasungira mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza, sindinamumenyepo, sindinamugonetsepo ndi njala. Anati kuyambira lero ndine mfulu, mbumba ilibe nane mangawa. Anawonjeza zimene mwambo suwakakamiza: kuti nyumba ndi yanga, munda ndizilimabe, ndikhale mpaka imfa ngati ndifuna.

"Musapite, ababa," anatero Pilira anthu atabalalika. "Mukakhala ndi yani kumeneko? Mwakwiya nane?"

"Iyayi."

"Nanga?"

Ndinayang'ana pakhonde, pamene ndinakhazika amake tsiku lija. Sindikanatha kudutsa pamenepo m'mawa uliwonse.

"Uzitsegula chitseko ukamaphika," ndinatero.

"Kumazizira, ababa."

"Ndikudziwa."

M'mawa mwake ndinapita ku Misa yoyamba. Nditabwerako ndinapereka kiyi wa nyumba kwa Pilira, ndinamanga khasu ndi jumbo ya juzi ija panjinga, n'kuikankha kukwera njira ya ku Chongoni.